Maliro a mwini dzina

Nkhaniyi inandipeza pa shifiti ya m'mawa, ndikudyetsa phala mayi wina wokalamba m'nyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito. TV ya m'chipinda chochezera imakhala chiyakire tsiku lonse, kaya pali woionera kaya palibe, moti khutu langa linazolowera kale kuitaya. Koma tsiku limenelo mtsikana wowerenga nkhani anatchula dzina la achimwene anga, ndipo supuni inaima m'malere.

Nditatembenuka ndinaona nkhalamba yachizungu, yamakwinya, ikumwetulira. Kenaka anaonetsa chithunzi chakale: mwamuna wometa bwino, atavala chovala choyera chofufuma. Ameneyo ndiye ndinamudziwa. Ankati wamwalira atakalamba kwambiri, mmodzi mwa anthu oyamba kuuluka mpaka kukazungulira mwezi. Bambo wina wa pa njinga ya olumala, amene masiku ambiri sakumbuka ngakhale kuti wadya, anakweza chala nkunena kuti akukumbuka bwinobwino, anali mnyamata nthawi imeneyo ndipo banja lonse linaunjikana kwa aneba kukamvera. Anzake anavomera ndi mitu. Mayi wokalamba uja anatsegula pakamwa kudikira phala, ine ndinapitiriza ntchito.

Mzungu ameneyo sindinakumane naye, ndipo iye anafa osadziwa kuti ku Ntcheu kuli mudzi wathu. Koma ndinakula naye m'nyumba imodzi. Malemu abambo anali kalipentala pa mishoni, ndipo bambo mfumu wa pamenepo, wochokera kuno ku Ireland, anali ndi wailesi yaikulu yogwira za kunja. Sabata ya Khirisimasi ya chaka chimene anthu aja anazungulira mwezi, abambo ankakhoma mabenchi a m'tchalitchi uku akumvera. Atafika kunyumba ndi nkhani yawo yodabwitsa, anapeza amayi achira, mwana wamwamuna ali m'manja. Basi dzina linapezeka pomwepo. Sanatenge dzina loyamba la mzunguyo ayi, anatenga lachiwiri, la makolo ake, nkulisandutsa dzina la mwana, monga tichitira kwathu. Akuti bambo mfumu anaseka mpaka misozi pa ubatizo, nawonjezera dzina la woyera mtima limene palibe analigwiritsapo ntchito.

Ine pobadwa ndinapeza chithunzi chili kale pakhoma, chodulidwa m'magazini, chitamatidwa pambali pa Mtima Woyera wa Yesu. Amayi ankapukuta fumbi pa zonse ziwiri ndi nsalu imodzi. M'nyumba mwathu sitinkamutchula dzina munthuyo, tinkangoti mwini dzina. Achimwene akaba mango a kumishoni, ankauzidwa kuti mwini dzina akamva achita manyazi. Akakhoza mayeso, ankati mwini dzina wawathandiza. Abambo ankakonda kufotokozera alendo kuti munthuyo anafika pafupi penipeni, nkuuzungulira mwezi, kuuyang'ana maenje ake onse, koma osapondapo. Alendo ankati kaya, ena ankati ndi bodza la azungu. Amayi zonsezo analibe nazo ntchito. Funso lawo linali limodzi, ndipo ankalifunsa ngakhale ankadziwa yankho: "Koma anabwerako?" Abambo akati anabwerako, amayi ankati basi, nkupitiriza kusankha nyemba.

Achimwene anachoka kumudzi zaka zoposa makumi awiri zapitazo. Panali nkhani zina za ndale zimene sindizilemba pano. Anasiya mkazi ndi kamwana kakakazi kongoyamba kumene kuyenda, nati akapeza pokhala awaitana. Atafika kuno anakhala zaka ku hositelo ya opempha chitetezo, kudikira mapepala, osaloledwa kugwira ntchito, osaloledwa kutuluka m'dziko. Ali chidikirire choncho abambo anamwalira. Kenaka mwana uja, atafika kale sitandade faifi, malungo anamutenga. Alamu anga anadikira mpaka anatopa, anakwatiwa kwina, ndipo ine sindiwaimba mlandu ngakhale pang'ono.

Ine ndinabwera pambuyo pawo, koma zanga zinayenda msanga. Ndili ndi kafulati ku Ongar, m'mbali mwa mzinda wa Dublin, ndipo kumudzi ndapitako kangapo. Achimwene nawo mapepala anawapeza, pasipoti ali nayo, ntchito ali nayo, amatsuka mapoto mu lesitilanti ina pafupi ndi doko ku Skerries. Koma kumudzi sanapondeko. Chaka chilichonse amati chaka cha mawa. Anthu kwathu anayamba kale kuwatchula kuti mtchona, ndipo amayi akamva mawu amenewo amatukwana ngati si a gulu la mapemphero la Legio. Amati mwini dzina anapita kutali kuposa Ulaya koma anabwerako, ndiye mwana wawo alephera bwanji. Kunena zoona, mzungu uja ndinkadana naye chifukwa cha zimenezi. Iye ali phee kwawo ndi adzukulu ake, koma kwathu akusungitsa nkhalamba chiyembekezo chopanda mutu.

Madzulo a tsiku lomwelo, ndili pa basi yobwerera ku Ongar, foni inalira. Anali mng'ono wanga, amene amakhala ndi amayi kumudzi. Amayi makutu anagontha ndipo maso ali ndi ng'ala, choncho tikamaimbirana mng'ono wangayo ndiye amakhala pakati: ine ndilankhule, iye awakuwire kukhutu, iwo ayankhe mokuwa ngati ndili kutsidya la mtsinje. Nkhani anali ataimva kale kwa aphunzitsi ena opuma a pamudzipo.

"Mlongo wako wamva?" anafunsa amayi.

"Amayi, dziko lonse lamva. Zili pa foni iliyonse."

"Foni ndi munthu? Ndikufunsa ngati wina wapita kukamuuza."

Ndinati palibe. Ndiye anayamba kundilangiza ngati ndine mtsikana wa dzulo. Maliro sanenera pa foni. Maliro sanenera pakhomo uli chiimire. Ndivale chitenje, ndipeze mwamuna wachikulire wa kwathu andiperekeze, tikafike, tikakhale pansi, tikalonjerane kaye, ndiyeno nkunena pang'onopang'ono. Ndinaphimba foni ndi dzanja chifukwa basi yonse inali kumva. Ndinati amayi, munthuyo si m'bale wathu, ndi mzungu wa ku Amereka. Anati amene unatenga dzina lake ndi m'bale wako, ufune usafune, ndipo mwana wawo sangasiyidwe yekha ndi maliro ngati alibe abale.

Ndinkati atha, koma anatsokomola nkupitiriza, mawu atatsika.

"Ukatha kunena, umufunse. Mwini dzina wafera kwawo, ana ake amuika. Ine ndakhala ndikudikira. Umufunse kuti ndidikirebe kapena ndisiye. Andiuze chimodzi."

Ndinamva nkhuku ikulira kumbuyo kwawo, kenaka foni inaduka.

Kupeza mwamuna wachikulire ku Dublin wokuperekeza ku maliro a munthu wa pa TV, yesani muone. Ndinaimbira abambo ena a ku Crumlin amene amatsogolera mapemphero athu a Amalawi. Anamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, kenaka anaseka chikhakhali. "Mayi, ine weekend yonse ndili pa double shift. Komanso mwati wamwalira ndani?" Ndinayesa ena, oyendetsa taxi, anati galimoto ili ku garaja ndipo akazi awo sangamvetse. Ndinapsa mtima, osati ndi iwo okha, komanso ndi ine ndemwe, mayi wamkulu wa imvi kumapemphapempha zinthu zoti anthu azikandiseka pa magulu a pa foni. Loweruka ndinali pa off. Ndinapinda chitenje nkuika m'chikwama, ndinanyamuka ndekha.

Kuchoka ku Ongar kupita ku Skerries ndi ulendo, basi mpaka m'tauni, kenaka sitima. Njira yonse ndinkayeseza mawu. Ndinkadziwa kuti achimwene akandiseka, ndipo ndinakonzeka kuti akangoseka ndiwatsanulire zonse zimene ndakhala ndikusunga. Nditatsika sitima mphepo ya kunyanja inandilandira ndi makofi. Ndinaima kuseri kwa khoma la siteshoni nkumanga chitenje pamwamba pa thalauzi, duku kumutu. Mayi wina woyenda ndi galu anaima nkundiuza kuti siketi yanga ndi yokongola kwambiri, kodi ndikupita ku ukwati. Ndinamuthokoza.

Achimwene amachita lendi kachipinda kam'mwamba m'nyumba ya anthu ena. Sindinawauze kuti ndikubwera, poti malangizo anali otero. Ndinagogoda, ndinamva akutsika masitepe pang'onopang'ono chifukwa bondo limawavuta. Anatsegula atavala chipewa chawo chaubweya chimene sachivula ngakhale m'chilimwe. Anayang'ana nkhope yanga, nkutsitsa maso pa chitenje, nkukweza pa duku. Ndinaona magazi akuchoka kumaso kwawo. Anagwira chitseko ndi manja awiri.

"Amayi?" anatero.

Mayo ine! Njira yonse ija sindinaganizeko. Mlongo wako akakufikira mosayembekezera, m'dziko la eni, atamanga chitenje ndi duku masana a Loweruka, ungaganize chiyani? Mwambo wonse ndinautaya pomwepo. Ndinakuwa pakhomo, ndili chiimire, kuti ayi, ayi achimwene, amayi ali bwino, ndalankhula nawo, akudya, akutukwana anthu ngati kale. Anakhala pansi pa sitepe yoyamba. Anapuma ngati munthu amene wathamangitsidwa ndi galu, kenaka anati tikwere.

M'chipindamo muli bedi, mpando umodzi, ketulo, ndi zenera loyang'ana padenga la aneba. Anandilozera mpando, ine ndinakhala pansi pa kapeti nditatambalala. Anandiyang'ana, nawo anatsika pabedi nkukhala pansi, msana atatsamira khoma. Tinalonjerana ngati sitinaonane pakhomo. Ndinati kumudzi onse ali bwino, mvula inagwa mochedwa koma chimanga anapeza. Ndinati amayi ndi amene andituma. Ndinati mwini dzina lanu anakula kwambiri, thupi linatopa, madokotala akwawoko anayesetsa koma zalephereka, atisiya.

Ndinadikira chiseko. Sichinabwere. Achimwene anavula chipewa nkuchiika pabondo.

"Ndinamva kukhitchini," anatero. "Anyamata anali ndi wailesi. Wina anati, ee, mnzako wa dzina wafa, nkundimenya paphewa. Ndinapitiriza kutsuka." Kenaka anati, "Wachita bwino kubwera, mlongo wanga."

"Pepani achimwene," ndinatero, poti ndi mawu amene amanenedwa.

Analira. Sindinawaonepo akulira chibadwire. Uthenga wa abambo unawapeza ku hositelo ine ndisanabwere, wa mwana wawonso chimodzimodzi, ndipo sindidziwa kuti analira kapena ayi, m'chipinda chogona amuna anayi a mayiko osiyana. Koma tsiku limeneli analira mokweza, kukamwa kuli yasa, mamina ali chuchuchu, mpaka wina m'chipinda cha pafupi anatsitsa nyimbo zake. Ine ndinangoti pepani, pepani, monga tichitira. Nanenso misozi inatsika, koma musandifunse kuti ndinkalirira yani.

Atatonthola ndinawiritsa madzi, tinamwa tiyi wopanda mkaka chifukwa mkaka unali utasasa. Ndiyeno ndinapereka gawo lachiwiri la uthenga, mawu ake enieni a amayi, osachotsa osawonjezera. Adikirebe kapena asiye.

Achimwene anayang'ana m'kapu.

"Chaka cha mawa mwina—"

"Musayerekeze!" ndinawadula. "Chaka cha mawa chimenecho mukauze azungu anu a kukhitchini. Pasipoti muli nayo. Holide amakupatsani, mumangogona m'kachipinda kano ngati mbewa. Mukuopa ndege? Tikwera limodzi, ndikugwirani dzanja. Mukuopa kuti mulibe nyumba ya malata yokaonetsa? Amayi sakufuna malata. Vuto lanu ndi chiyani kwenikweni, inu?"

Sanakwiye. Bwenzi zili bwino akanakwiya. Anandifunsa modekha kuti ndikapita kumudzi, ndikatsika minibasi pamsewu paja, chimayamba ndi chiyani.

Ndinkadziwa chimene akunena. Kwathu munthu wochokera kutali sayamba ndi kucheza kapena kugawa zimene wabweretsa. Amayamba ndi maliro amene anachitika iye kulibe. Akuluakulu amamutenga kupita naye kumanda, kumuonetsa mtumbira uliwonse, uwu ndi wa uje, uwu ndi wa uje. Akachoka kumeneko amayenda khomo ndi khomo kupepesa, ndipo pakhomo lililonse amayi amayambiranso kulira ngati maliro ndi a lero. Ine ndikapita zimanditengera tsiku limodzi, mwina awiri, poti sindikhalitsa osapita.

"Ine ndikayambira khomo liti?" anatero achimwene. Anayamba kutchula. Abambo. Atsibweni onse awiri. Azakhali. Anzawo amene anavinidwa nawo limodzi, amene anakwatitsana nawo. Aphunzitsi awo. Ankatchula mayina mwadongosolo, kuyambira kumtunda kwa mudzi kutsika mpaka kudambo, ndipo ndinazindikira kuti ulendo umenewu amauyenda kawirikawiri ali m'kachipinda kameneka. Atafika pa mwana wawo anaima.

"Akandiimika pamenepo, anthu onse ali kumbuyo kwanga, ndikanena chiyani? Kuti ndinkadikira mapepala? Chabwino. Nanga mapepala atabwera ndinkadikira chiyani? Chaka choyamba ndinati ndikonzeke kaye mtima. Chachiwiri manda anawonjezekera. Tsopano ndi mudzi wathunthu uli pansi, ukundidikira."

"Amayi sali pansi," ndinatero. "Amayi akupuma. Mukufuna nawonso alowe pa mndandanda wanuwo?"

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa chiyani? Mmene munagwirira chitseko paja, mwaiwala kale?"

"Sindinaiwale." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Amayi amati mwini dzina anabwerako. Eetu anabwerako. Koma iye anapita masiku owerengeka, mlongo wanga. Pobwera anapeza aliyense amene anamusiya ali moyo, akumuimbira m'manja. Kubwerera kotero ndani angakulephere?"

Ndinakalipa. Ndinawatchula wamantha, wodzikonda, ndinati ine ndatopa kunamiza nkhalamba chaka ndi chaka chifukwa cha iwo. Anangondisiya mpaka mpweya unandithera. Kenaka anatsegula kabati ya pambali pa bedi nkutulutsa mashini ometera.

"Undimete," anatero. "Maliro a abambo sindinamete. A mwana wanga sindinamete, panalibe wondimeta. Pa maliro awa ndiye iwe wabwera."

Ndinafuna kukana, koma ndikanakana bwanji? Anakhala pa mpando uja, ndinawafunditsa thaulo. Chipewa chija chinkabisa zambiri. Tsitsi linali loyera lonse, lopota, pakati pali dazi. Ndinameta mutu, iwo anati ndichotsenso ndevu. Zitagwa zonse panatsala nkhope imene sindinaidziwe bwino: masaya olowa, mano a m'mbali atachoka, khosi la mitsempha. Ndinasesa tsitsilo ndi manja nkulikulunga m'pepala, osadziwa kuti kuno munthu amakalitaya kuti.

Ndili chigwirire pepalalo foni yanga inalira. Mng'ono wanga, pa vidiyo. Amayi ankafuna kumva ngati ntchito yagwirika.

Apa ndiyenera kunena kuti achimwene salola vidiyo. Amaimba ndithu kumudzi, koma mawu okha, ndipo nthawi zonse kamera yawo imakhala yowonongeka. Zithunzi zimene amatumiza ndi zakale, za masiku amene anali ndi thupi. Ine tsiku limenelo mtima unali ukadali wotentha. Ndinati lero muonana, zanu za kamera zatha. Ndinayankha foni nkuitembenuzira kwa iwo.

Amayi anali pakhonde, pa mkeka. Anasendeza nkhope pafupi ndi foni mpaka tinkangoona diso limodzi lotuwa ndi chipumi. Anayang'anitsitsa. Kenaka anabwerera m'mbuyo, anakonza duku lawo, anawerama pang'ono nkuomba m'manja mwaulemu.

"Muli bwanji bambo? Ndinu amene mwaperekeza mwana wanga? Mwagwira ntchito, Mulungu akudalitseni."

Ndinali nditaiwala kuti iwo ankaganiza kuti ndapita ndi munthu wachikulire. Mng'ono wanga anatulukira pakona ya chithunzi, dzanja lili pakamwa. Iye anawazindikira. Anayamba kunena kuti, "Amayi, amenewotu ndi—" koma achimwene anapukusa mutu mwamphamvu, uku atandigwira pamkono mpaka kundipweteka.

"Ndili bwino mayi, kaya inu," anatero.

Mng'ono wanga anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi. Ndiye anawerama kukhutu kwa amayi nkubwereza mokuwa: akuti ali bwino, kaya inu.

"Mwana wanga mwamuuza?"

"Tamuuza, mayi. Uthenga walandira."

"Walira?"

"Walira."

"Eya, alire. Ali kuti? Ndimve mawu ake."

"Watuluka pang'ono, mayi. Wapita kukapitidwa mphepo."

Liwu lililonse linkanenedwa kawiri, koyamba ndi achimwene motsitsa, kachiwiri ndi mng'ono wanga mokuwa, moti bodza lonse analimva ndi aneba omwe. Amayi anagwedeza mutu kuti akumvetsa. Anasisita bondo.

"Nanga funso langa lija wayankha kuti chiyani?"

Achimwene anatsegula pakamwa. Ndinaona lilime likuyenda. Ndinapemphera, ine amene ndinali nditangotukwana kumene, kuti anene chilichonse, ngakhale chaka cha mawa chomwecho.

"Sananene, mayi."

"Sananene," anakuwa mng'ono wanga, akulira poyera tsopano.

"Musamukalipire," anatero amayi. "Ndi mwana wamanyazi kuyambira kale. Inu bambo, mayi anu alipo?"

"Alipo."

"Muziwaona. Zikomo bambo, mufike bwino kunyumba."

Foni itaduka achimwene anandisiya mkono. Anatenga chipewa nkuvala pa mutu wometa uja. Ndinawaponyera thaulo kumaso. Sindikumbuka zonse zimene ndinanena, koma ndikukumbuka kuti ndinatsika masitepe chitenje chikumasuka, ndipo ndinakachivulira pa siteshoni. M'sitima ndinapeza kuti kapepala ka tsitsi kaja ndakatenga, kali m'thumba la jekete. Ndinakataya mu bini ya m'tauni pamodzi ndi makapu a khofi a anthu.

Ine ndi mng'ono wanga takambirana kambirimbiri zowauza amayi zoona. Koma tikawauza chiyani? Kuti nkhalamba imene anaiombera m'manja ndi mwana amene anamubereka, ndipo sanamudziwe? Kuti iye anawayang'ana m'maso nkudzikana? Mng'ono wanga akuti zimenezo zingawaphe msanga kuposa kudikira. Ine sindikudziwa. Ndimangodziwa kuti ndatopa, ndipo chiyembekezo choti achimwene adzakwera ndege ndilibenso. Timalankhulana, ndinapitanso ku Skerries kukawasiyira ufa, tsitsi linamera, koma za tsiku lija satchula ndipo ndikayamba amadzuka kukatsuka makapu oyera kale.

Amayi anasiya kunena za mwini dzina. Mng'ono wanga akuti anachotsa okha chithunzi chija pakhoma nkuchiika pansi pa sutikesi. Tsopano apeza wina womudalira. Lamulungu lililonse ndikaimba, tikatha za matenda ndi za mvula, amafunsa za bambo ometa aja. Amati munthu ameneyo ali ndi nkhope yachifundo, akuoneka kuti anavutikapo pa moyo wake, ndipo anthu otero amadziwa kulankhula ndi ana. Amati ndikawapeze, ndikawapemphe apitenso kwa mlongo wanga akakhale naye pansi, mwina iwo angawamvere. Ndimayankha kuti ndikawapeza, ndipo mng'ono wanga amabwereza mokuwa.

Lamulungu lapitali anawonjezera kuti ndiwauze bambowo achite changu, chifukwa miyendo yayamba kutupa.